Kuthawitsana kwa Sein Mya ndi U Kyaing

Pa siteshoni pathu pa Thabyekon chinsinsi sichigona. Ukauza munthu mmodzi m'mawa, sitima ikamafika masana nkhani yako amakhala akuigulitsa pawindo limodzi ndi mapeyala. Ndiye Sein Mya atabwera kuseri kwa shedi yanga ya tiyi n'kundinong'oneza kuti, "Mnzanga Ohn, mawa U Kyaing akundiba," ine ndinangopitiriza kutsuka makapu.

"Ndamva kale," ndinatero. "Wandiuza mkazi wa mkulu wa siteshoni."

"Iyeyo wazimva kuti?"

"Nanga matikiti munagula kwa ndani?"

Anakhala pa benchi n'kuphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka ndi phwete. Mzimayi wa imvi mutu wonse, wa zidzukulu ziwiri, akuseka ngati mtsikana.

Ine ndi Sein Mya tinakulira limodzi pa njanji pomwepa. Ine ndinatsatira ketulo ya amayi anga, iye anatsatira dengu la amayi ake: kabichi, jinja ndi maluwa, kuyenda nazo pamutu kuchokera windo ili kupita windo ilo sitima ikaima. Mwamuna wake anamwalira mwana wawo Thet Naing akadali wokwawa, ndipo mwanayo anamulera ndi dengu lomwelo. U Kyaing nawo anali wofedwa. Ntchito yawo inali yotembenuza njanji kumapeto kwa siteshoni, kusesa pokwerera sitima, ndi kuthirira maluwa a m'zitini amene palibe anawatuma kubzala. Tsiku lililonse sitima ikamveka kuphiri, ankadutsa pamene Sein Mya wakhala, n'kumusenza dengu. Akatero ankati, "Lalemera lero." Basi. Zaka zinapita, mitengo ya paini kuseri kwa siteshoni inakula n'kudulidwa, iwo akadali pa "lalemera lero." Ineyo zinkandinyansa. Munthu wamkulu wotha kutembenuza sitima yathunthu, kulephera kutembenuza lilime.

Pamene anadzatsegula pakamwa n'kunena zenizeni, zinthu zinali zitavuta kale. Thet Naing, amene amakonza njinga zamoto ku Mandalay, anali atamanga chipinda cha amayi ake kuseri kwa nyumba yake. Anaimba foni kuti akubwera kudzawatenga, asiye dengu, mawondo atha. Sein Mya atayesa kutchula za U Kyaing, mwanayo anangoti, "Amayi, pa msinkhu wanuwo? Anthu atiseka." Nkhani inathera pomwepo.

Thet Naing si mwana woipa, ndimutsutse aliyense wonena zimenezo. Vuto linali la mayi wake. Sein Mya amatha kulimbana ndi wogula wa ku Thazi mpaka wogulayo kupepesa, koma mwana wake akamuyang'ana m'maso n'kunena kuti "Amayi," mafupa onse amasungunuka. Ankadziwa yekha kuti Thet Naing akangofika n'kunyamula chikwama, iye amutsatira mwakachetechete mpaka ku Mandalay, ndipo pa Thabyekon sadzabweranso.

Tsono anaganiza zochita zimene achinyamata athu amachita makolo akakaniza ukwati: kuthawitsana. Awiri akangogona kunja kwa mudzi, palibenso wobweza. Pobwera amagwada pamaso pa mkulu wa banja la mkazi, mphumi mpaka pansi, kupepesa. Mkuluyo amakalipa pang'ono kuti anthu amve, kenako amawalandira. Ife tonse tili ndi m'bale amene anakwatiwa choncho. Kungoti sitinamvepo za nkhalamba zothawa mwana.

Mapulani anali a U Kyaing. Sitima yotsika imadutsa pathu m'mawa. Yokwera, imene Thet Naing adzabwerere, imafika masana, ndipo ziwirizi zimapatukirana pa siteshoni ina kumunsi kwa phiri. Iwo adzakhala atatsika kupita kwa mlongo wa U Kyaing ku Thazi, mnyamatayo adzapeza loko pachitseko.

M'mawa mwake Sein Mya anatulukira atavala chitenje chatsopano chobiriwira, m'masaya atapaka thanaka, phala lachikasu la khungwa la mtengo limene timadzola kuno, mosamala ngati wa pa chikondwerero, maluwa oyera m'tsitsi. Kumbuyo kwake kunali madengu awiri a kabichi.

"Iwe, ukuthawa kapena ukupita kumsika?" ndinamufunsa.

"Ku Thazi kabichi wakwera mtengo. Ndipite manja lendelende?"

U Kyaing anabwera atavala jekete la ukwati wa mwana wa mchimwene wawo, tsitsi likunyezimira mafuta a kokonati, nkhwaira zatsopano zikuwaluma zala. Anakhala kumapeto ena a benchi, Sein Mya kumapeto ena, aliyense akuyang'ana phiri lake.

Anthu othawitsana saonedwa. Ukawaona umayang'ana kumbali. Ndiye mudzi wonse unabwera kudzayang'ana kumbali. Ena anabwera kudzagula machesi, ena kudzafunsa ngati katundu wawo wafika, katundu amene sanatumizidwe. Agogo ena amene sanatsike phiri chaka chonse anawanyamula pampando kuti adzapumeko mphepo ya pa siteshoni. Tiyi ndinagulitsa tsiku limenelo, sindikana.

Dzuwa litakwera anatulukira alendo oyenda m'mapiri aja, amene amadutsa pathu nyengo yozizira ndi ndodo ziwiriziwiri ndi zikwama kumsana, nkhope zitafiira. Ine mpaka lero sindimvetsa munthu wolipira ndalama kuti ayende wapansi pamene sitima ilipo, koma ndi anthu aulemu, amamwa tiyi wopanda mkaka n'kuthokoza kawiri. Anafunsa wowatsogolera kuti kuli chikondwerero chanji. Iye atawafotokozera, mayi mmodzi wamtali anaomba m'manja n'kutulutsa kamera.

"Auze abweze chimenecho," ndinamuuza wowatsogolerayo. "Ichi n'chinsinsi."

Mayiyo anayang'ana khamu lonse lija, anayang'ana ine, n'kubweza kamera yake m'thumba. Iwonso anayamba kuyang'ana kumbali, ndipo ulendo wawo wa ku phiri lina anauimika kaye.

Sitima sinabwere. Mthunzi wa denga unafupika mpaka kutha. Maluwa a m'tsitsi la Sein Mya anayamba kufota. U Ba Shein, mkulu wa siteshoni, ankalowa mu ofesi kukayankha foni, n'kutuluka akutsimphina ndi phazi lawo lotupa. U Kyaing ankangoyang'ana wotchi.

Ndinawapatsa tiyi n'kuwafunsa chapansipansi, "Achimwene, zaka zonse mwakhala pa njanji pano, sitima iyi munaionapo kangati ikufika pa nthawi yake?"

Anaganiza moona mtima. "Chaka chimene anakonza mlatho inafikapo."

"Ndiye munaika moyo wa mnzangayu pa sitima imeneyi?"

"Ndinkati mwina lero," anatero, n'kuyang'ana m'kapu.

Ndinawamvera chisoni mpaka mkwiyo unatha.

Sitimayo inafika dzuwa litapendeka, ikufwenthera ngati ng'ombe yokalamba. Anthu anakweza madengu aja aliyense akuyang'ana kwina, ndipo awiriwo anakhala pampando umodzi pafupi ndi windo. Ndinapumira m'mwamba. Koma injini inangozima. U Ba Shein anabwera pawindo, chipewa chili m'manja.

"Yokwera yanyamuka kale kumunsi," anatero. "Zipatukirana pano. Mudikira."

Thanaka yense uja sanathe kubisa mmene nkhope ya Sein Mya inagwera.

"Lowa pansi pa mpando," ndinamuuza. "Tikuphimba ndi kabichi."

"Ndi mawondo ati?"

"Tsikani mudzere njira ya kuphiri ndi alendowa. Pofika madzulo muli mudzi wina."

"Ohn, ine kuchoka kunyumba kufika pano ndapuma kawiri."

U Kyaing anakonza kolala ya jekete. "Tikhala pompano," anatero. "Ndabisala zaka zokwanira."

Njanji yathu ndi imodzi, kupatula pa siteshoni pamene imagawika pawiri. Kuti sitima zisakumane m'makona a phiri, chigawo chilichonse cha njanji chili ndi kachitsulo kake kamkuwa, kamene kamakhala m'kachikwama kachikopa komangirira ku mkombero wa nsungwi. Woyendetsa amene alibe mkombero wa chigawo chimene akulowa sasuntha, ngakhale mutamuika mpeni pakhosi. Mkombero wa kumunsi unali m'sitima yokwera. Wouthamangira n'kukaupereka kwa woyendetsa winayo masiku onse anali U Kyaing, koma U Kyaing anali pa tchuthi cha kuba mkazi. U Ba Shein anayenera kutsimphina okha mpaka kumapeto kwa siteshoni kukatembenuza njanji, ndipo pakati pa njanji ziwirizo panalibe wolandira.

Yokwera inalowa pang'onopang'ono n'kuima pambali pa inzake. Ine ndinali pakati pa ziwirizo ndi ketulo yanga, pamiyala, pomwe ndimaima masiku onse. Wothandiza woyendetsa anasuzumira, sanaone U Kyaing, anangouponya mkombero uja pansi. Unagubuduka m'mbali mwa mabogi n'kukagwa pamapazi pa munthu amene anali atangotsika, chikwama paphewa, pilo wamaluwamaluwa m'khwapa. Anawerama n'kuutola osaganiza n'komwe. Mwana aliyense wokulira pa siteshoni anautolapo mkombero umenewo.

"Azakhali," anatero Thet Naing atandiona, akumwetulira. "Amayi ali kuti? Lero sakugulitsa?"

Azimayi onse a madengu anapeza mwadzidzidzi ogula kumapeto ena a sitima. Thet Naing anakweza maso, ndipo pawindo lomwe linali pamwamba pa mutu wanga anaona maluwa oyera m'tsitsi la imvi.

Anayandikira. "Amayi, mukupita kuti?"

"Ku Thazi," anatero Sein Mya, mawu ali ngati a mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. "Kabichi."

"Ndi maluwa m'mutu?"

U Kyaing anaimirira, anagunda mutu pa shelefu ya katundu, n'kusuzumira pawindo. "Mwanawe, amayi ako ndawaba ndine. Mlandu ndi wanga."

"Amalume, ndikuyankhula ndi amayi anga."

Kutsogolo woyendetsa sitima yotsika anatulutsa mutu. "Achimwene a chikwama, tipatseni mkomberowo tizipita."

Thet Naing anayang'ana chimene chinali m'dzanja lake ngati akuchiona koyamba. Kenako anaukoleka mkombero uja paphewa. Tonse tinaona, tonse tinamva tanthauzo lake, mpaka alendo a ndodo aja.

"Amayi," anatero, osakweza mawu, "chipinda ndamaliza. Ndaika chimbudzi chokhala ngati mpando chifukwa cha mawondo anuwo. Windo layang'ana kum'mawa monga mumakondera. Ana ajambula chithunzi cha agogo awo amata pachitseko. Mwasenza dengu mokwanira, amayi. Tsikani tizipita kunyumba."

Sanakalipe, ndipo n'chimene chinaipa. Akanakalipa bwenzi mnzanga atalimba mtima. Ndinaona Sein Mya akugwira m'mphepete mwa mpando, akudzikoka kuti aimirire, maso ali pansi. Kuimirira kumeneko ndinkakudziwa. Anaimirira choncho pamene mwanayo anafuna kusiya sukulu, anaimiriranso choncho pamene anafuna kugulitsa munda wa bambo ake kuti atsegule galaja.

U Kyaing sanamugwire dzanja, sanamuchonderere. Ataona kuti akutsika, anawerama n'kunyamula dengu limodzi la kabichi, n'kulikweza m'mwamba kuti amusenze. Jekete linang'ambika kukhwapa, koma anangoima choncho, dengu lili m'malere, kudikira mutu.

Sein Mya anawayang'ana. Kenako anabwerera pampando n'kukhala.

"Ikani pansi dengulo, bambo inu, mudzipweteka," anatero. Anatembenukira pawindo, ndipo ulendo uno anamuyang'ana mwana wake m'maso. "Thet Naing, sinditsika."

"Amayi?"

"Chibadwire chako ndinakukanizapo chiyani? Tchula chimodzi. Palibe. Lero ndikukukaniza. Chipinda chako n'chabwino, ndikudziwa, iwe ukamanga chinthu umamanga ndi mtima. Koma ine kumeneko ndikakhala pawindo lakum'mawalo kuwerenga njinga zamoto mpaka tsiku londinyamula. Kuno ndimadziwa sitima ndi kulira kwake. Kuno kuli Ohn wonditukwana m'mawa uliwonse. Ndipo kuli munthu uyu, wopusa chonchi, amene ndikumufuna. Ndimakukonda kuposa maso angawa, mwana wanga, koma sinditsika."

Misozi inali itajambula mizere mu thanaka. Ineyo ketulo inkanditentha dzanja koma sindinaiike pansi.

"Mukanandiuza bwinobwino," anatero Thet Naing.

"Ndinakuuza. Unati anthu atiseka."

Mnyamatayo anatembenuka kuyang'ana anthuwo. Mudzi wonse unali pamenepo, kuyambira agogo a pampando mpaka makanda, ndipo aliyense anali kalikiliki kuyang'ana mitambo, denga, zala zake za kumapazi. Panalibe woseka. U Ba Shein anali atabwerako kotembenuza njanji, thukuta lili kamukamu, ndipo anaima chapatali pang'ono. Anali ndi mphamvu zonse zolanda mkombero wawo, koma manja anawaika kumbuyo.

"Kodi tigona pano?" anafunsa woyendetsa uja, koma naye mawu anali atatsika.

Thet Naing anatulutsa pilo uja m'khwapa n'kumukweza pawindo.

"Ndinagulira ulendo wa ku Mandalay," anatero. "Mipando ya m'sitima ndi youma. Khalirani."

Sein Mya analandira ndi manja awiri.

"Amalume," anapitiriza, osawayang'ana U Kyaing, "mankhwala opaka m'mawondo amanama kuti apaka. Muzionetsetsa."

"Ndizipaka ndekha," anatero U Kyaing, kenako anazindikira zimene anena pagulu, makutu n'kufiira.

Thet Naing anayenda pamiyala m'mbali mwa mabogi onse mpaka ku injini, anavula mkombero paphewa n'kuukweza m'mwamba. Woyendetsa anaulandira, anayang'ana kachitsulo ka m'kachikwama monga mwa lamulo, n'kuliza hutala. Mabogi anagundana, sitima inayamba kutsetsereka. Windo la amayi ake litamudutsa, iye anali akuyang'ana kumbali ngati wina aliyense wa pa Thabyekon.

Yokwera nayo itachoka, anthu anabalalika, aliyense atakumbukira mbuzi zake. Alendo aja anatola ndodo zawo. Mayi wamtali uja ankapukuta m'maso ndi chipewa. Thet Naing anabwera kudzakhala pa benchi yanga. Ndinamuikira tiyi wamkaka wambiri ndi tofu wokazinga, timabuledi tathu ta ufa wa nyemba, monga ndinkachitira ali wamng'ono, ndipo anadya.

"Ndiye zikatere chimachitika n'chiyani, azakhali?" anafunsa pomaliza. "Ine ukwati wanga unali wopempha."

"Akagona kwa mlongo wa U Kyaing. Mkucha abwera. Akafika agwada pamaso pa mkulu wa banja la mkazi, apepesa, mkuluyo akalipa pang'ono, nkhani yatha."

"Mkulu wa banja ndani? Agogo anapita. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anapita chaka chatha."

Ndinapukuta tebulo pomwe panali poyera kale. "Watsala iwe."

Anaika kapu pansi. "Amayi anga agwade pamaso panga?"

"Mwambo ndi umenewo."

"Ndi mawondo amenewo? Mphumi mpaka pansi, kwa ine?"

Apo m'pamene analira. Analira ngati mwana, pakamwa pali tofu, mwamuna wa ana awiri ndi galaja yake. Ndinamusiya alire, ndinangomuwonjezera tiyi. Atatha anapempha kiyi wa nyumba ya amayi ake, amene Sein Mya anandisungitsa, n'kukwera njira ya kumudzi.

Masiku awiri amenewo anakonza denga la khitchini limene linkadontha, anasesa bwalo, ndipo anabwera kudzandifunsa kuti U Kyaing amakonda ndiwo zanji. Za kukalipa sanandifunse, ngakhale ndinali nditamukonzera mawu angapo abwino.

Tsiku lobwera, mudzi unasonkhananso, ulendo uno kudzayang'ana poyera. Anthu anayala mphasa pansi pa denga la siteshoni kuti mkulu wa banja akhalepo, koma Thet Naing sanapiteko. Anaima pamiyala pomwe sitima yokwera imaima, atavala malaya oyera, nkhwaira atavula. Sein Mya anaonekera pakhomo pa bogi atagwira chitsulo, akufunafuna ndi phazi pomwe angaponde. Phazilo lisanafike pansi, mwana wake anali atagwada kale pamiyala yakuthwa ija, manja pamodzi, mphumi mpaka pansi.

"Dzuka, iwe," anatero Sein Mya. "Si mmene zimakhalira."

Iye sanadzuke. Atatha kugwadira amayi ake, anasuntha mawondo pang'ono n'kugwadiranso U Kyaing, amene anangoima kakasi pamasitepe a bogi, madengu awiri opanda kanthu ali m'manja, osadziwa powaika.